Momwe Tinafufutira Dzina la Che Twaibu

Ntchito yanga ndi yolemba mayina. Ndine Masiye, ndipo ngati munafikako ku Senga Bay n'kuona boti lolembedwa kuti "Mulungu Sagona" kapena golosale yolembedwa "Zonse ndi Nthawi", dziwani kuti ndi dzanja langa limenelo. Ndalemba pa maboti, pa zigayo, pa masaluni, ngakhale pa mitanda ya kumanda. Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwira burashi, ndipo ndinkadzitama kuti pa nkhani ya mayina palibe angandiphunzitse. Kudzitama kumeneko ndi kumene kunapweteketsa mayi amene ndikufuna ndikufotokozereni za moyo wawo, a Hidaya, amene kuno timawatchula kuti Abiti Kamal.

Anabadwira ku Chipoka, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Bambo awo, Che Kamal, ankasenza matumba padoko mpaka msana unakana. Sukulu a Hidaya analekezera sitandade sikisi, osati chifukwa mutu sunkagwira, koma chifukwa mayi awo anayamba kutupa miyendo ndipo panalibe wina woyanika usipa pa thandala. Pofika zaka khumi ndi zisanu anali atayamba kale kukwera matola ndi madengu a nsomba kupita ku Lilongwe. Amene anagulitsa nawo limodzi amawakumbukira pa chinthu chimodzi: mbale yawo yoyezera usipa sinali yokhomerera kunsi ngati za anzawo. Ankati wina akawaseka kuti sadzalemera, iwo ankayankha kuti bola adzagona tulo. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ochepa koma olemera, ndipo akanena kuti ayi, ngakhale mutabweretsa ng'ombe sasintha. Khalidwe limeneli linawathandiza moyo wawo wonse kupatula tsiku limodzi lokha.

Anakwatiwa ndi Che Twaibu, msodzi wa boti limodzi kuno ku Senga Bay, munthu wofatsa moti ukamacheza naye unkachita kumva mtima wako ukugunda. Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, Zulfa, amene lero ndi mphunzitsi pa pulayimale ina ku Khombedza. Nsomba zitayamba kusowa, mu 2011, Che Twaibu anagulitsa boti ndi injini yomwe, n'kumanga zipinda zinayi zogona alendo pamalo a makolo awo. Kumpoto kwawo kunali kale loji yaikulu ya a Macdonald, ya bala ndi dziwe losambira. Pakati pa malo awiriwa panali kanjira kamchenga kotsikira kunyanja, ndipo kanjirako kanali ka Che Twaibu.

Malamulo a pa malo atsopanowo anali atatu. Mowa ayi, juga ayi, ndipo zipinda zolowa masana n'kutuluka pakatha maola awiri, ayi. Tonse tinaseka. Loji yopanda mowa ku Senga Bay? Tinati pakatha chaka asandutsa zipindazo makola a nkhuku. Koma anthu anayamba kubwera: mabanja a amalonda ochokera ku Lilongwe, amayi a mvano obwera kudzapemphera, aphunzitsi obwera ndi ana a sukulu. Makolo ankadziwa kuti mwana akagona kumeneko adzuka ali bwinobwino. A Hidaya ankaphika mpunga wa ku Maganga ndi chambo chowotcha, n'kumachapa okha nsalu za pabedi chifukwa sankakhulupirira manja a wina. Zipinda zinayi zija zinafika zisanu ndi ziwiri.

Dzina pakhoma ndinalemba ndine. Zilembo zobiriwira pa khoma loyera, kutalika kwake kufika m'chiuno mwa munthu: KWA TWAIBU. Tsiku lonse a Hidaya anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno, ndipo anandibwezetsa chilembo chimodzi kawiri ati chapendama. Che Twaibu, amene kuwerenga kunkawavuta, anabwera penti atauma n'kuyendetsa chala pa chilembo chilichonse ngati akusisita mwana.

Mu 2015 kunabwera mlendo wina wa kunja, mayi amene anakhala mwezi wathunthu. Pochoka, pofuna kuthokoza, anawakonzera tsamba la pa intaneti. Anajambula zipinda, mpunga, kanjira kaja ndi khoma langa, ndipo dzina la tsambalo linali lomwelo la pakhoma. Munthu ali ku Lilongwe kapena ku Joni ankangolemba dzinalo pafoni, n'kuona malowo, n'kuimba. Alendo ambiri anayamba kudzera njira imeneyo.

Chimene ine sindinkadziwa, ndipo a Hidaya sankadziwa, n'chakuti pa intaneti dzina siligulidwa ngati chikwangwani choti ukakhoma wakhoma. Limakhala ngati lobwereka. Chaka chilichonse umalipira kangachepe, ndipo ukaiwala limakhala la aliyense amene wayamba kuligwira. Che Twaibu ankadziwa. Chaka chilichonse mu Epulo uthenga unkabwera mufoni mwawo, iwo n'kukwera kabaza kupita kutauni kwa bambo wina wa shopu ya makompyuta amene ankawalipirira. Akazi awo sanawauzepo. Amunafe timabisa ngakhale zinthu zopanda chifukwa chobisira.

Che Twaibu anamwalira mu Febuluwale 2023. Anagwa akukonza mpope wa madzi kuseri kwa zipinda, ndipo pofika kuchipatala anali atapita kale. Anaikidwa tsiku lomwelo, monga amachitira Asilamu. Patapita masiku ndinatuma uthenga kudzera mwa Zulfa kuti ndikufuna kulemba kachikwangwani ka pamanda, kwaulere, chifukwa malemuwo anali munthu. Yankho linabwera lalifupi. Kubanja kwawo salemba pamanda. Dzina lili pakhoma, ndipo lakwana.

Katundu wa malemu, mikanjo, zisoti ndi foni yomwe, anamutsekera mu sutikesi kudikira abale ochokera ku Makanjira kuti adzagawe. A Hidaya analowa eda, nthawi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osayendayenda. Anaisunga edayo monga ankasungira mbale yawo yoyezera, osaikhomerera kunsi. Zulfa ankabwera Loweruka ndi Lamlungu kudzaona zipinda. Epulo anafika, uthenga unabwera kamodzi, kawiri, katatu, koma unkafikira mufoni yozima, pansi pa mikanjo, mu sutikesi yokiya.

Atatuluka mu eda kumapeto kwa Juni anapeza zipinda zili mbee. Anaganiza kuti ndi maliro, kuti anthu akuwapatsa mpata. Kenako bambo wina amene ankabwera chaka chilichonse ndi banja lake anawaimbira kudzapepesa. Anati analemba dzina lija pafoni monga mwa masiku onse, koma linawafikitsa ku loji ya a Macdonald, ndipo kumeneko anauzidwa kuti Kwa Twaibu anatseka mwini wake atamwalira. Zulfa anayesa yekha. Analemba dzina la bambo ake, ndipo pafoni panatuluka dziwe losambira ndi mabotolo a mowa ali ndandanda.

A Hidaya anavala mpango wawo n'kudutsa kanjira kaja. Ine ndinali komweko tsiku limenelo, ndikulemba mitengo ya zakumwa pakhoma la bala, choncho ndinamva zonse.

"A Macdonald, dzina la mwamuna wanga likutani kwanu kuno?"

"Aa, mayi, khalani pansi kaye. Pepani ndi zovuta zija."

"Mwandipepesa kale pamaliro. Ndafunsa za dzina."

"Mayi, ine ndinakusungirani," anatero a Macdonald, akupukuta magalasi awo. "Linagwa lokha, palibe analipira. Ndikanapanda kulitola ine, likanatoledwa ndi anthu akunja amene simungawaone n'komwe. Mundithokoze."

"Ndiye munauziranji alendo anga kuti ndinatseka?"

"Amenewo ndi anyamata a pa resepishoni, ndiwadzudzula. Koma tiyeni tikambirane ngati anthu oyandikana. Kanjira kaja inu simukagwiritsa ntchito kwenikweni. Ine ndikusowa poimika magalimoto. Inu kanjira, ine dzina, nkhani yatha."

A Hidaya anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Mwandibera mbuzi, ndiye mukufuna ndiiwombole ndi khola?" Anatembenuka n'kumapita, tiyi amene anawabweretsera osamukhudza.

Eni malo ogona alendo kuno ali ndi bungwe lawo, ndipo nthawi imeneyo m'bungwemo munali mkangano. Kunali kutabwera kalata yochokera ku ofesi ina ku Lilongwe yofunsa maganizo awo: kodi boma likhazikitse lamulo loyang'anira mayina ndi malonda a pa intaneti, kapena eni malonda azidziyang'anira okha? A Ellen, mlembi wa bungwelo, amene ali ndi loji yaing'ono kufupi ndi msika, ankati lamulo likufunika, chifukwa wamng'ono alibe kothawira wamkulu akamuponda. Ambiri ankakana. Ankati boma likalowa pakhomo limalowa ndi msonkho, ndi mafomu, ndi anthu ofuna ya fanta. Amene ankakana mokweza kuposa onse anali wapampando wa bungwelo, ndipo wapampandoyo anali a Macdonald. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Choncho dandaulo la a Hidaya litafika, a Ellen analigwira ndi manja awiri. Anati nayi nkhani, tiyeni tione ngati kudziweruza tokha kumene mukunenaku kumagwira ntchito. Anaitanitsa msonkhano Lachitatu m'mawa, m'chipinda chodyera cha loji yawo. Zulfa anapempha kuti ukhale Loweruka chifukwa Lachitatu amakhala m'kalasi, koma eni maloji Loweruka amakhala ndi alendo. A Hidaya anamuuza kuti asadandaule, nkhani yake ndi yoonekeratu. Anandiitana ine kuti ndikakhale mboni yoti dzinalo ndinalilemba pakhoma pawo mu 2011.

Tinalipo anthu ngati makumi awiri. A Macdonald anachoka pampando mwaulemu wochita kuonetsera, n'kukhala pambali ndi kompyuta yawo ya m'manja pamiyendo. Anakangana kwa maola awiri. Wina anati pa intaneti woyamba kugwira ndiye mwini, ndi momwe dziko lonse likuchitira. Wina anati ngati ndi choncho mawa aliyense adzuka dzina lake lili kwa mnzake. A Ellen anati mwaona, popanda lamulo tizingozungulira. Atandipatsa mpata woti ndinene za khoma, ndinanena, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanakhala pansi pomwepo. Koma pakamwa panga panayabwa.

"Akuluakulu," ndinatero, "nkhani iyi si yachilendo. Padoko pano tinaiweruzapo kale popanda boma. Mu 2004 panali maboti awiri olembedwa 'Tiyese Nawo'. Loyamba linali la mkulu wina wa kuno, lachiwiri la munthu wobwera amene ankafuna kuti ogula nsomba azimusokoneza ndi mnzakeyo. Komiti ya padoko inakhala pansi, inafunsa kuti anayamba ndani, basi. Wachiwiriyo anauzidwa kuti afufute. Ndinafufuta ndine ndi penti woyera dzuwa lisanafike pamutu, ndipo dzina linabwerera kwa mwini wake. Palibe anapita kukhoti. Dzina ndi dzina, kaya lili pa boti kaya lili mufoni."

Anaomba m'manja. Ndikunena zoona, ndinamva kukoma. Ngakhale amene ankakana lamulo la boma anasangalala, chifukwa ndinali nditawapatsa umboni woti anthu a kunyanja amatha kudzilamulira. Anagwirizana onse kuti a Macdonald alakwa ndipo dzinalo lichoke m'manja mwawo tsiku lomwelo.

A Macdonald anakweza dzanja. "Ndamva, ndipo sindikutsutsa bungwe. Njira zilipo ziwiri. Mayiwa atha kubwera ku ofesi kwanga, titsegule akaunti yawo, ndiwapatse nambala yachinsinsi, dzina lisamukire kwa iwo. Zimatenga masiku angapo. Kapena ndingolifufuta pompano monga anenera a Masiye."

A Ellen anatembenukira kwa a Hidaya. "Mayi, mwina tidikire Zulfa atiuze njira yabwino."

"Palibe chodikira," anatero a Hidaya. "Ine ndikalowe mu ofesi mwawo kukapempha dzina la mwamuna wanga ngati ndikupempha mchere? Ndikalandire m'manja mwawo chinthu chimene anaba ine ndili mu eda? Ayi. Afufute pompano tonse tikuona. Likachoka kwa iwo, mwana wanga akalitenga yekha Loweruka."

"Mwatsimikiza, mayi?" anafunsa a Macdonald.

"Ndatsimikiza."

Anatembenuza kompyuta ija kuti tonse tione, n'kudina kawiri. Kenako anandiyang'ana ine n'kumwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene wakuona ukukhala pa benchi la penti wosauma koma wasankha kukhala chete. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ankadziwa chimene chichitike. Ankadziwa. Anali atanena okha ku bala kuja kuti kunja kuli anthu otola mayina, ndipo ine ndinamva ndi makutu angawa, koma ndinaganiza kuti ndi zoopsezera chabe. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinadyetsa mnzanga.

Tsiku limenelo a Hidaya anandipatsa chambo chachikulu kuti ndikadye ndi ana. A Ellen analembera ku Lilongwe kuti bungwe lathetsa lokha nkhani yovuta, ndipo ambiri asankha kuti boma lisalowerere.

Loweruka Zulfa anapita kwa bambo wa shopu ya makompyuta uja. Anabwerako nkhope itagwa.

"Amayi, bwanji simunandidikire?"

"Chavuta n'chiyani? Si afufuta?"

"Akuti dzina likafufutidwa silipezeka nthawi yomweyo. Amaliimika kaye mwezi ndi masiku angapo, kenako amalitaya poyera kuti aliyense atole. Aliyense, amayi. Padziko lonse lapansi."

"Ndiye ndani angafune dzina la bambo ako kunjako? Akuwadziwa?"

Zulfa anapita kwa a Macdonald kukafunsa ngati angalibweze lisanatayidwe. Iwo anatambasula manja n'kunena kuti bungwe linalamula kuti afufute, ndipo iwo ndi munthu womvera bungwe. Ndiye mtsikanayo anayamba kudikira. Tsiku lililonse pa nthawi yopuma kusukulu ankayang'ana pafoni, ndipo tsiku lililonse ankapeza kuti dzinalo likadali loimikidwa. Lolemba lina m'mawa anayang'ana asanalowe m'kalasi, linali loimikidwa. Atatuluka pa buleki linali ndi mwini wake. Bambo wa shopu uja anamufotokozera kuti kunjako kuli makina amene ntchito yawo ndi imodzi yokha, kudikirira mayina amene akutayidwa, makamaka amene anthu anazolowera kuwafufuza. Amatola m'kuphethira kwa diso. Munthu wa foni ya m'manja ku Khombedza sangapikisane nawo.

Sabata isanathe tsamba latsopano linatuluka. Ndinaliona pafoni ya mwana wa mchemwali wanga, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala wosaona. Linali la juga, la kubetcha mpira ndi makhadi, ndipo m'mbali monse munali zithunzi za atsikana ovula. Pamwamba penipeni anaikapo chithunzi chimene anachitola pa tsamba lakale lija: khoma loyera, zilembo zobiriwira, KWA TWAIBU. Dzanja langa. Munthu amene moyo wake wonse sanalole ngakhale bawo ya ndalama pakhonde pake anali tsopano akuitanira anthu ku juga, usana ndi usiku, m'zilankhulo zitatu.

Zulfa anayesa zonse. Analembera kampani imene imagulitsa mayinawo, ndipo yankho linabwera la Chingerezi, lolembedwa ndi makina. Linati iwo salowerera mikangano. Linati eni ntchito za intaneti anakhazikitsa okha bwalo lawo loweruza nkhani zotere, ndipo wodandaula ayenera kulipira kaye madola ochuluka kuposa mtengo wa zipinda ziwiri, komanso asonyeze kuti dzinalo ndi chizindikiro chake cha malonda. Chikalata cha dzina la bambo ake Zulfa analibe. Anakwera minibasi kupita ku ofesi ija ya ku Lilongwe. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando, n'kumuuza kuti likanakhala dzina lolembetsedwa m'dziko muno akanayesako, koma ili lili kunja kwa mphamvu zawo. Anawonjezera kuti, ndiponso, a ku Senga Bay munatilembera kuti mumathetsa nokha.

A Hidaya anabwereranso kubungwe. A Ellen anawamvetsera misozi ili m'maso, n'kufunsa kuti: "Tiitane ndani, mayi? Kalata yoitanira kumsonkhano tiilembe kwa yani?" Mwini watsopanoyo analibe dzina, analibe nkhope, analibe boti loti tingalikokere kumtunda. Amene ankafuula kuti tidziweruza tokha anali kuyang'ana pansi. A Ellen nawo sanapambane, chifukwa lamulo limene ankalifunalo likanathera pa malire a dziko. A Macdonald tsiku limenelo anatumiza uthenga woti ali ku Lilongwe.

Kenako zinthu zinayamba kufika pakhomo. Kunabwera amuna atatu pagalimoto Lachisanu masana, a Hidaya akuchokera koswali kumzikiti, n'kufunsa kuti atsikana aja ali kuti. Anawathamangitsa ndi tsache, koma sabata yotsatira kunabwera ena. Anyamata a kabaza pa siteji anayamba kukuwa akaona mlendo, "Kwa Twaibu, bwana? Kobetcha?" Sukulu ina imene inkabweretsa ana chaka chilichonse inaimba kuti makolo akana. Amayi a mvano anangosiya kubwera osanena kanthu. Ku Khombedza, Zulfa anapeza dzina la bambo ake litalembedwa pa bolodi ndi choko, pambali pake atajambula zinthu zosayenera kunena.

Chimene chinawathyola a Hidaya si zimenezi. Anali shehe wa pamzikiti wawo, mkulu waulemu amene anasambitsa thupi la Che Twaibu ndi manja ake. Anabwera yekha, anakhala pakhonde, anakana tiyi. Anati iye akudziwa kuti mayiwo alibe mlandu, ndipo wauza anthu choncho. Koma anyamata a pamzikiti akumalowa pa tsambalo chifukwa aona dzina limene amalidziwa, ndipo awiri aluza kale ndalama za makolo awo. Mmodzi atafunsidwa anayankha kuti ankaganiza kuti ngati ndi za Che Twaibu ndiye kuti si haramu, si zoletsedwa. Shehe sanapemphe chilichonse. Anangonena zimenezo, anawadalitsa, n'kunyamuka.

Ine masiku onsewo ndinkazemba. Ndikafuna kupita kudoko ndinkazungulira njira ya kumsika kuti ndisadutse pakhoma paja. Ndinali ndi manyazi, ndipo ndikadali nawo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo ine mlomo wanga ndinkaupeza pafoni ya mwana aliyense.

A Hidaya ananditumizira munthu Lachiwiri lina m'mawa kuti ndibwere ndi penti woyera. Ndinawapeza ataima kale pakhoma, atavala mpango wakuda womwe anavala potuluka mu eda. Anali ataonda. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira.

"Mayi, ine ndi amene ndinalakwitsa," ndinatero. "Nkhani ya maboti ija..."

"Munanena zimene mumadziwa, a Masiye. Ine ndinakana kulowa mu ofesi. Tonse tili ndi mbali yathu. Tsegulani chitinicho."

"Mwina tidikire pang'ono. Zulfa akuti chaka chamawa anthuwo akapanda kulipira..."

"Alipira. Dzina la mwamuna wanga likuwapindulira, alekerenji? Bola ana a anthu akamadutsa pano asamaone kuti za mufonizo ndi za nyumba ino. Fufutani."

"Ndiye tilembepo chiyani?"

"Musalembe kanthu."

Ndinaviika burashi. Ndafufutapo mayina ambiri pa moyo wanga, a masitolo ogwa, a maboti ogulitsidwa, a zipani zoluza, koma la munthu wosalakwa ngati ameneyu ndinali ndisanalifufutepo. A Hidaya anaima kumbuyo kwanga pamalo omwe anaima zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, koma manja sanali m'chiuno. Kuseri kwa kanjira kaja anyamata a a Macdonald anasiya kutsuka galimoto n'kumationerera. Ndinkaganiza za manda aja opanda chikwangwani, mulu wa dothi pakati pa milu ina, ndi uthenga umene mayiwa ananditumizira woti dzina lili pakhoma ndipo lakwana. Ndikamaliza, malo okhawo padziko lapansi pamene dzina la Che Twaibu lidzakhale lolembedwa ndi pamwamba pa atsikana ovula aja.

Penti wobiriwira amene ndinagwiritsa ntchito mu 2011 anali wabwino, wa mafuta, chifukwa a Hidaya anakana wotchipa. Nditapaka koyamba zilembo zinkaonekabe pansi pa woyerayo. Tinadikira kuti aume, ndinapakanso, ndipo dzuwa litawomba khomalo zinatulukanso, zotuwa, koma zowerengeka. Ndinaika burashi pansi n'kupukuta manja.

A Hidaya anayandikira. Anayendetsa chala pamwamba pa chilembo choyamba osachikhudza.

"A Masiye, kumaboti kuja, munati likafufutidwa limabwerera kwa mwini wake. Si choncho?"

"Ndi choncho, mayi."

"Ndiye pakaninso. Likuonekabe."